Mawu a lamulo amene makolo a ku Dudley ayenera kuwadziwa

Mwana wa ku Dudley, ku England, akagwidwa pa nkhani za magulu achiwawa a m'misewu, amagwa m'manja mwa apolisi a West Midlands, omwenso amayang'anira Birmingham. Mawu amene adzamveke kupolisi ndi kukhoti ndi ochepa, koma kholo losawadziwa limangoti kakasi mwana akupita.

Oyamba ndi gang. Lamulo la Policing and Crime Act la 2009 linkafuna anthu osachepera atatu, okhala ndi dzina kapena chizindikiro, ndiponso dera lawolawo. Mu 2015 aphungu analifewetsa: bola akhale atatu ndipo ena aziwazindikira kuti ndi gulu. Ukonde wotere umakola chambo ndi matemba omwe.

Pa tanthauzo limeneli ndi pamene paima gang injunction, chiletso cha khoti choti munthu asaponde madera ena kapena kuyenda ndi anzake ena. Sichidikira kuti apezeke wolakwa pa mlandu. Umboni ukangopendekera koti anachitadi, basi, ndipo wamkulu akachiphwanya akhoza kulowa m'ndende. Mu 2017 khoti la ku Birmingham linaletsa motere amuna 18 a Burger Bar Boys ndi Johnson Crew, magulu amene udani wawo unaphetsa atsikana osalakwa, Charlene Ellis ndi Letisha Shakespeare, ku Aston pa 2 Januwale 2003. Wokumbukira maliro amenewo sanganyoze chiletsochi.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi joint enterprise. Wina akabaya munthu, mnzake amene anamuthandiza kapena kumulimbikitsa amaweruzidwanso ngati wakupha, ngakhale mpeni sanaukhudze. Kwa zaka pafupifupi 30, kungoganizira kuti mnzako angavulaze munthu kunali kokwanira kukumangitsa. Mu 2016, pa mlandu wa Jogee, Khoti Lalikulu la Supreme linati makhoti anasokera: payenera kuoneka cholinga. Komabe mfundoyi ikugwirabe ntchito.

Pa county lines, akuluakulu a magulu amatuma ana kukagulitsa mankhwala ozunguza bongo m'matauni akutali. Mu 2018 Zakaria Mohammed wa ku Birmingham anagamulidwa zaka 14 chifukwa chotumiza ana ku Lincoln, ndipo lamulo la Modern Slavery Act la 2015 linaona anawo ngati ogwiritsidwa ntchito yaukapolo, osati zigawenga. Apa lamulo linalasa pamene pali vuto.

Inu makolo, mwana akayamba kusowa masiku angapo n'kubwera ndi foni yachiwiri kapena nsapato zodula, kaneneni msanga kupolisi kapena kukhonsolo ya Dudley kuti akumugwiritsa ntchito. Akamangidwa, asayankhe mafunso loya asanafike. Loya wa kupolisi ndi waulere.