Nsomba Inakula Msanga, Koma Msika Unakana

Kunsi kwa ubongo wa nsomba kuli kachiwalo kakang'ono zedi kotchedwa pituitary. M'zaka za m'ma 1950, Grace Pickford wa pa yunivesite ya Yale ku America ankagwira ntchito yofuna dzanja losanjenjemera. Ankatenga killifish, kansomba ka m'madambo a m'mphepete mwa nyanja kotalika ngati chala, n'kukachotsa kachiwaloko popanda kukapha. Kakachira kankasambira bwinobwino, koma kukula kunali kutathera pomwepo. Akakabaya jakisoni wa homoni yochokera ku pituitary ya ng'ombe, kankayambiranso kutalika.

Mayi ameneyu anabadwira ku England mu 1902, ndipo asanayambe za nsomba anakhalako ku South Africa akufufuza nyongolotsi za m'nthaka. Homoni imene ankabaya tinsomba take siinali yachilendo. Herbert Evans ndi Joseph Long anali atakulitsa kale makoswe mopyola muyezo mu 1921 powabaya madzi a pituitary, ndipo mu 1944 Evans ndi Choh Hao Li anaipatula homoniyo payokha. Chimene Pickford anasonyeza n'chakuti nsomba nayo imamvera lamulo lomwelo. Buku limene analemba ndi James Atz mu 1957 linakhala poyambira pa ofufuza obwera m'mbuyo mwake.

Ofufuza ena ndi amene anazindikira kuti homoni yokulitsa sigwira ntchito yokha. Ikatuluka mu pituitary imayenda ndi magazi mpaka kuchiwindi, chiwindi n'kutulutsa ina yotchedwa IGF-1, ndipo imeneyo ndiyo imalimbikitsa minofu ndi mafupa kukula. Ubongo umatsegula kapena kutseka njirayi potengera kutentha kwa madzi, kutalika kwa usana ndi chakudya. Chodabwitsa chili pa nsomba yanjala. Homoni yokulitsa imachuluka m'magazi ake, koma chiwindi chimasiya kuimvera, IGF-1 imatsika, nsomba imapinimbira. Mlimi wa makumba ku Zomba kapena ku Mulanje, amene amathira madeya okhaokha m'dziwe ndipo amaona nsomba zake zitasiya kudya m'chisanu cha June ndi July, akuchidziwa chimenechi ngakhale sanamvepo za IGF-1.

Kubaya jakisoni nsomba imodziimodzi m'dziwe la nsomba zikwizikwi n'kosatheka, choncho nzeruyi inakhala ya m'labotale basi kufikira 1982. Chaka chimenecho Richard Palmiter ndi Ralph Brinster analowetsa jini ya homoni yokulitsa ya khoswe m'mazira a mbewa, ndipo zina mwa mbewazo zinakula kuwirikiza pafupifupi kawiri. A zansomba sanachedwe. Mu 1985 Zhu Zuoyan wa ku Wuhan, China, analengeza kuti walowetsa jini yotere mu goldfish.

Nkhani yaikulu inachitikira ku Canada, ndipo inayamba ndi cholinga china. Garth Fletcher wa pa Memorial University ku Newfoundland ndi mnzake Choy Hew ankafuna salmon yosafa ndi madzi ozizira kwambiri a kumeneko. Ankagwiritsa ntchito majini a nsomba zimene magazi ake saundana, koma sizinawayendere. Kenako anatenga kachidutswa ka DNA kamene kamayatsa jini yoteteza ku chisanu mu nsomba yotchedwa ocean pout, n'kukalumikiza ku jini ya homoni yokulitsa ya salmon ya mtundu wa Chinook. Zonsezo anazilowetsa m'mazira a salmon ya ku Atlantic mu 1989. Salmon wamba imachepetsa kukula nyengo yozizira, koma iyi inkatulutsa homoni chaka chonse. Inkafika pogulitsidwa pa miyezi pafupifupi 18, pamene inzake inkatenga zaka zoyandikira zitatu.

Kumadzulo kwa dziko lomwelo, Robert Devlin anapeza mu 1994 kuti salmon za coho zopatsidwa jini yotere zinkalemera kuwirikiza ka 11 kuposa zinzake za msinkhu umodzi, ina mpaka ka 37. Koma ntchito yake ya mu 2001 ndi imene eni ndalama akanayenera kuiwerenga mofatsa. Atayesa pa trout, jiniyo inakulitsa kwambiri nsomba zakutchire, pamene za mtundu woweta, zimene alimi anali atazisankha mbadwo ndi mbadwo, sizinapindule kwenikweni. Kusankha mbewu yabwino, ntchito imene anthu a ku Norway anayamba pa salmon zawo m'ma 1970, kunali kutayenda kale mtunda waukulu panjira yomweyo, mopanda mkangano ndi aliyense.

Mkanganowo unagwera kampani ya AquaBounty, imene inatenga nsomba ya ku Newfoundland ija n'kuitcha AquAdvantage. Inayamba kupempha chilolezo ku bungwe loona za chakudya ndi mankhwala la FDA ku America mu 1995, ndipo yankho linabwera mu November 2015. Zaka 20 zathunthu, kampani ikulipira antchito ndi kudyetsa nsomba zosaloledwa kugulitsidwa. Malamulo ake analinso olemera: mazira azichokera ku Prince Edward Island ku Canada, nsomba zizikulira m'matanki a pamtunda ku Panama, zonse zikhale zazikazi ndi zosabereka kuti zikathawa zisakasakanikirane ndi zakutchire. Mantha amenewo sanali opanda pake, chifukwa salmon zoweta zimathawadi m'makola a m'nyanja. Koma a ku Alaska, motsogozedwa ndi seneta Lisa Murkowski, ankatetezanso malonda a asodzi awo, ndipo anatsekereza mazirawo kulowa mu America mpaka 2019.

Canada inavomereza mu 2016, ndipo mu 2017 matani pafupifupi 4.5 anagulidwa kumeneko. Imeneyo inali nyama yoyamba yosinthidwa majini kudyedwa ndi anthu ogula pamsika. Ku America nsomba zoyamba zinakololedwa mu 2021 pa famu ya ku Albany, m'chigawo cha Indiana. Pofika nthawiyo masitolo akuluakulu monga Costco, Kroger ndi Whole Foods anali atanena kale kuti sadzazigulitsa.

Salmon ya m'thanki imafuna magetsi usana ndi usiku opopera ndi kuyeretsera madzi, ndipo homoni sichotsa mtengo umenewo. Famu yaikulu imene kampaniyo inkamanga ku Pioneer, Ohio, inaima mu 2023 mtengo womangira utakwera. Ya ku Indiana inagulitsidwa mu 2024, ndipo mu December chaka chomwecho AquaBounty inalengeza kuti ikutseka malo ake oswetsera mazira ku Bay Fortune, ku Prince Edward Island, ndi kuti nsomba zotsala ziphedwa.