Mbiri ya Kaduwa ka m'Mapiri a Usambara

Kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Tanzania, kufupi ndi doko la Tanga, kuli mapiri otchedwa Usambara. M'nkhalango za mapiriwa, pansi pa mitengo ikuluikulu pomwe dzuwa limangofika modontha, mumamera kachomera kakafupi ka masamba onenepa ndi aubweya. Kachomeraka kamakonda ming'alu ya miyala ya m'mphepete mwa timitsinje, ndipo maluwa ake ndi obiriwira ngati thambo. Lero kamadziwika padziko lonse ndi dzina lakuti African violet.

Eni dera adakhala akukaona kaduwaka kuyambira makedzana, koma mbiri yake yolembedwa idayamba ndi alendo. M'chaka cha 1884, Sir John Kirk, yemwe uja adafika ku Nyanja ya Malawi pamodzi ndi David Livingstone mu 1859, adatola kachomeraka natumiza ku England. Tsoka ilo, zimene adatumizazo zidali zosakwanira kuti akatswiri akapatse dzina.

Mwayi udagwera Walter von Saint Paul-Illaire, bwanamkubwa wa boma la Tanga pa nthawi imene dzikolo linkalamulidwa ndi Ajeremani. Mu 1892 iye adatumiza njere za kaduwaka kwa bambo wake ku Germany. Bambowo adapereka mbewuyo kwa Hermann Wendland, mkulu wa munda wa maluwa wa Herrenhausen mumzinda wa Hanover. Mu 1893 Wendland adakatcha Saintpaulia ionantha pofuna kulemekeza banja la bwanamkubwayo, ndipo chaka chomwecho kadaonetsedwa pachionetsero cha maluwa ku Ghent, m'dziko la Belgium. Paja akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Komabe n'zochititsa chidwi kuti duwa la m'nthaka ya Africa lidatenga dzina la mtsamunda.

Kodi n'chifukwa chiyani kaduwa kakuthengo kadakondedwa chotere? Yankho lili m'kakhalidwe kake. Maluwa ambiri akaikidwa m'nyumba amafota posowa dzuwa. Koma aka kadazolowera mthunzi wa m'nkhalango, kotero kuwala kolowera pazenera kumakakwanira. Dzuwa lamphamvu ndiye limawaula masamba ake. Kachiwiri, kubzala kwake n'kosavuta. Munthu akathyola tsamba limodzi n'kuzika kaphesi kake m'dothi lachinyezi, pakapita masabata angapo timbewu tatsopano timaphukira patsinde pake. Motero mayi mmodzi ankatha kugawira mnzake tsamba, mnzakeyo n'kugawiranso wina, mpaka kaduwako kadafalikira mudzi wonse.

Malonda enieni adakula ku America. Cha m'ma 1920, kampani ya Armacost and Royston ya ku Los Angeles idaitanitsa njere kuchokera ku Germany ndi ku England. Itabzala mbande zambiri, idasankhamo mitundu khumi yokongola koposa, umodzi mwa iyo ndi wotchedwa Blue Boy. Mu 1946 okonda duwali adakhazikitsa bungwe la African Violet Society of America. Kuchokera pamenepo alimi akhala akukwatitsa mitundu yosiyanasiyana mpaka kupeza maluwa oyera, ofiirira ndi amawangamawanga, ndipo mitunduyo tsopano ili m'zikwizikwi.

Pamene kaduwaka kankatukuka m'miphika ya kutsidya kwa nyanja, kwawo zinthu zinkaipiraipira. Nkhalango za Usambara zidayamba kutha chifukwa cha kucheka matabwa ndi kutsegula minda. Mitengo ikagwa mthunzi umatha, miyala imauma, ndipo kaduwako kamapserera. Mitundu ina yakuthengo ili pangozi yakutheratu. Pofuna kupulumutsa zotsala, boma la Tanzania lidakhazikitsa nkhalango yotetezedwa ya Amani mu 1997. Maiko nawonso adazindikira kuti sibwino kuti chuma cha m'nkhalango chizingotengedwa eni ake osapindula kanthu. Pangano la ku Rio de Janeiro la mu 1992 lidavomereza kuti dziko lililonse lili ndi ulamuliro pa zomera ndi zamoyo zake, ndipo la ku Nagoya la mu 2010 lidalongosola za kagawidwe ka phindu lake.

Mu 2015 akatswiri, atafufuza chibadwa cha kaduwaka, adakaika m'banja la zomera zotchedwa Streptocarpus. Apa nkhaniyi ikufika pakhomo pathu, chifukwa pa phiri la Mulanje pamamera abale ake a m'banja lomweli, ena mwa iwo osapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Nawonso moyo wao wadalira mthunzi ndi chinyezi cha m'nkhalango.

Choncho inu ophunzira, mukamadutsa m'mbali mwa phiri n'kuona kaduwa kobisala kuseri kwa mwala, musakayese kachabechabe. Ka ku Usambara nakonso kadali kotero mu 1892. Moto umodzi wolusa kapena nkhwangwa imodzi yosasamala ikhoza kufafaniza mbewu imene palibe munthu angathe kuibwezeretsa.