Citsulo ca pa Famu ndi Koloko ya ku Wailesi

M'zaka zimene maiko a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anali mu Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, anthu ambiri a ku Nyasaland ndi a ku Tete anali kugwira nchito m'mafamu a fodya ndi cimanga a ku Mashonaland, monga ku Mazoe, ku Bindura, ku Marandellas ndi ku Sinoia. Ena anapita okha pa mapazi, ena anatengedwa ndi Mthandizi. Pa famu mwini nthawi anali citsulo copacika pa mtengo. Cikalira m'banda kuca anthu onse anali kunka ku munda, ndipo cikaliranso madzulo ndiko kunali kuweruka. Pa nyengo yoocha fodya m'mabani, amuna ena anali kucezera moto usiku wonse.

Nthawi ya mtundu wina inalowa m'makomboni pamodzi ndi wailesi. Mu 1949 kunafika kawailesi kochipa koyendera batire, kamene Azungu anakacha Saucepan Special cifukwa kanali kooneka ngati sefuliya. Mtengo wace unali mapaundi 5, batire padera. Amene anakakonzera njira ndiye Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia. Nyumba ya mphepo ya ku Lusaka ndiyo inali kulankhula kwa anthu akuda a maiko onse atatu, ndipo mu 1958 inalowa m'manja mwa Federal Broadcasting Corporation.

Bvuto lalikuru la ku Lusaka linali kugawa maora owerengeka pakati pa Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona, Cindebele ndi Cizungu. Muulutsi analibe mpata wotambasula nkhani monga acitira akulu pa bwalo, pakuti mnzace wa cinenero cina anali kudikira pa khomo. Mbale ya galamafoni inali kutha pa mphindi zitatu, cotero oyimba monga Alick Nkhata anazolowera kupima nyimbo zao kuti zikwane m'mbale. Pa programu ya Zimene Mwatifunsa, makalata opempha nyimbo ndi opereka moni kwa abale anali kucuruka koposa nthawi yowawerengera. Kwa mcona wa ku Bindura, kucedwa kuweruka kunali kuphonya mau a kwao a tsiku limenelo.

Wailesi ya kanema inayamba ku Salisbury mu November 1960, ndipo caka cotsatira inafika ku Bulawayo ndi ku Kitwe. Inali m'manja mwa kampani ya Rhodesia Television, imene cuma cace cinali kucokera kwa amalonda ogula mphindi zolengezera katundu wao. Zithunzi zinali zakuda ndi zoyera, zooneka madzulo, ndipo mafilimu ambiri anali ogulidwa ku America ndi ku Britain.

Tsono mafilimuwo sanali a muyeso umodzi. A ku America anali kupangidwa ndi mipata ya malonda kale: sewero la theka la ora linali la mphindi monga 25, ndipo la ora lathunthu linali la mphindi monga 50. Olemba masewerowo anali kuika mpata pamene nkhani yafika pokoma, kuti woonera asacoke pa mpando. Koma a BBC analibe mipata yotere, popeza nyumba imeneyo siilengeza malonda kwao ku Britain. Cotero wokonza ndandanda anayenera kufuna yekha malo odulapo osaononga nkhani. Panalinso cina: filimu yojambulidwa pa zithunzi 24 m'sekondi imodzi inali kuonetsedwa pa zithunzi 25, motero ya mphindi 25 inali kutha pa mphindi 24. Mphindi yotsalayo inayenera kudzazidwa, pakuti nkhani za madzulo sizikadatha kuyamba nthawi yace isanakwane.

Ndandanda yonseyi inapimidwa pa moyo wa eni mafamu ndi Azungu a m'mizinda, amene anali ndi magetsi ndi ndalama zogulira zolengezedwazo. Anchito a m'komboni sanawerengedwe, ngakhale kuti fodya wocokera m'manja mwao ndiye anali kubweretsa ndalama zambiri m'dzikomo. Amene anaona zithunzizo anali makamaka ophika ndi anchito a m'nyumba, poperekera cakudya. Ena onse anakhalabe pa kasefuliya kao, nasunga batire kuti lifike pa nthawi ya Cinyanja.

Citaganya cinatha pa 31 December 1963, ndipo dziko liri lonse linakhala ndi nyumba yace ya mphepo. Ku Malawi wailesi ya kanema inayamba mu 1999. Ku Zimbabwe, mafamu ambiri a Azungu atalandidwa kuyambira 2000, ana ndi adzukulu a macona aja anabalalika, ambiri opanda munda ndiponso opanda mudzi wobwererako. Komabe mu 2013 malamulo akuru a dzikolo analemba Cicewa pakati pa zinenero 16 zobvomerezeka ndi boma, cinenero comwe cija makolo ao anali kudikira madzulo atamva citsulo coweruka.