Mmene akatswiri amayezera mpweya wa ozoni

Mpweya wa ozoni mumlengalenga umameza cheza cha dzuwa cha ultraviolet, chomwe chimayambitsa khansa yapakhungu ndi ng'ala. Pouyeza, akatswiri amaona kuchuluka kwa cheza chomwe chamezedwa.

Makina a Dobson amayeza cheza chofika pansi, pomwe masetilaiti, monga Sentinel-5P yomwe inaulutsidwa mu 2017, amayeza cheza chobwerera kumwamba. Motero kuchuluka kwa mpweyawu pamwamba pa Machinga ndi Balaka kumadziwika ngakhale popanda makina apansi.

Mu 1985 akatswiri analengeza kuti mpweyawu wachepa kwambiri ku Antarctica, ndipo mu 1987 mayiko anasainirana pangano la Montreal loletsa mankhwala ouwononga. Potsatira panganoli, dziko la Malawi linasiya kuthira methyl bromide m'nazale za fodya.