Nkhomaliro ya pa Ryalls, 1960

Abale anga a kuno ku Mwadzama, mukadzafika ku Blantyre, mumsewu wa Hannover mudzaona hotela ya Ryalls, imene idatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Lero imatchuka ndi nyama yootcha ya pa 21 Grill, yamtengo woti msodzi atha kugwira pakamwa.

Pa 26 Januwale 1960 pakhomo pake padavuta. M'katimo nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, inkadya nkhomaliro ndi akuluakulu a tauni. Panja khamu la Aafirika lidanyamula zikwangwani, likufuula kuti Dr Banda atulutsidwe m'ndende ya Gwelo. Apolisi adalimbana nalo, atolankhani a ku London akuonerera.

Nkhani itawanda, boma lidatuma Jaji Southworth kuti afufuze, ndipo iye adati manyuzipepala adakokomeza. Komabe pa 1 Epulo Banda adatuluka.