Chithandizo cha munthu wopsa khungu ndi mankhwala apakhomo

Khungu la munthu limapsa ngakhale popanda moto. M'madera a m'mphepete mwa nyanja m'boma la Mangochi, monganso m'maboma ena, anthu ena amalimbana ndi zipere, mphere ndi njerewere popaka zinthu zaukali monga adyo wosinja, utomoni wa nkhadze, mafuta a m'makoko a mbibu, asidi wa m'batire la galimoto kapena soda wopangira sopo. Zinthuzi zimadya khungu ndi kusiya chilonda choposa nthenda yomwe amafuna kuchiza.

Kupsa kotere kumasiyana ndi kwa moto chifukwa mankhwalawo amapitirirabe kuwononga mnofu nthawi yonse yomwe ali pakhungu. Soda amalowerera kwambiri kuposa asidi, choncho chilonda chooneka chaching'ono tsiku loyamba chikhoza kukhala chozama. Adyo amatulutsa matuza makamaka akamangiridwa ndi nsalu kwa maola angapo, ndipo ana ndiwo amavulala msanga poti khungu lawo ndi lofewa.

Chithandizo choyamba ndi madzi. Wothandiza ateteze manja ake, achotse nsalu, zovala, mphete ndi zibangili zomwe zakhudzidwa. Ngati mankhwalawo ndi aufa, ayambe wawasasa asanathire madzi. Kenaka atsanulire madzi aukhondo a pamjigo kapena pampope kwa mphindi zosachepera 20, madziwo akuyenderera osafika mbali zina za thupi. Mankhwala akalowa m'maso, diso litsukidwe chimodzimodzi lili chotsegula. Pomaliza chilonda chiphimbidwe ndi nsalu yoyera, osamanga kwambiri.

Si bwino kupaka mazira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira kapena phulusa, ngakhalenso kuboola matuza. Kuyesa kupha mphamvu ya asidi pothira soda kumatulutsa kutentha komwe kumawonjezera chilonda.

Wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo ngati chilonda chikuposa chikhatho chake, chili kunkhope, m'maso, m'manja, kumaliseche kapena polumikizira mafupa, chayera kapena kuda ndipo sichikupweteka, komanso ngati wopsayo ndi mwana kapena wokalamba. Mafinya, fungo, kutupa ndi kutentha thupi ndi zizindikiro zoti tizilombo talowa. Ndi bwino kutenga botolo kapena chomera chomwe chinagwiritsidwa ntchito ndi kuuza achipatala zoona, popanda manyazi.

Thandizo limapezeka pachipatala chachikulu cha boma la Mangochi, cha Monkey Bay, cha St Martin's ku Malindi ndi zipatala zazing'ono. Kumeneko amatsuka ndi kumanga chilonda, kupereka mankhwala ochepetsa ululu ndiponso katemera wa kafumbata ngati akufunika. Opsa kwambiri amatumizidwa kuzipatala zikuluzikulu monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe kuli gawo lapadera la anthu opsa ndipo madokotala amatha kusamutsa khungu kuchoka mbali ina ya thupi.

Mphere ndi zipere zili ndi mankhwala ake ovomerezeka kuchipatala. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndilo limavomereza mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno. Alangizi a zaumoyo, aphunzitsi, mafumu ndi makomiti a chitukuko ali ndi udindo wofikitsa uthengawu m'midzi, m'sukulu ndi m'madoko a asodzi, kuti wopsa atsukidwe ndi madzi kwa mphindi 20 ndi kufika kuchipatala chilonda chisanazame.