Kanema wa dijito ndi intaneti ya nthambo: mmene zimafikira ku Cassacatiza

Cassacatiza ndi chipata cha m'malire m'boma la Chifunde, chigawo cha Tete, moyang'anizana ndi Chanida wa ku Zambia. Kuchoka mumzinda wa Tete pa msewu wa N9 ndi ulendo wa makilomita oposa 200. Chifukwa cha mtunda umenewu, chipangizo chimene chikugwira bwino mumzinda chikhoza kukhala chete chikafika kumalire.

Kusintha kwa kanema

Mu 2006, ku Geneva, mayiko anagwirizana zosiya kaulutsidwe kakale ka analogi pofika pa 17 Juni 2015. Mozambique inachedwa. Pulezidenti Filipe Nyusi anatsegulira kanema wa dijito ku Beira mu Okutobala 2020, ndipo makina akale anayamba kuzimitsidwa mu 2021. Ntchitoyi inagwiridwa ndi kampani ya StarTimes pa ngongole ya madola 156 miliyoni yochokera ku China, ndipo inaimika makina oulutsira 60 m'dziko lonse. Amene amawayendetsa ndi kampani ya TMT. Bungwe la INCM ndilo limayang'anira zamtokoma.

Njira zitatu

Yoyamba ndi antena ndi dikoda ya DVB-T2. Imadalira mlongoti wapafupi, ndipo mapiri amatchinga mafunde ake. Kanema wakale ankaonetsabe zithunzi zamchengamchenga mafunde akafooka. Wa dijito satero: chithunzi chimaoneka bwinobwino, apo ayi chimaduka n'kuzimiratu.

Yachiwiri ndi dishi, monga ya DStv kapena ZAP. Imalandira kuchokera ku setilaiti, choncho kutalika kwa mudzi si vuto. Koma pamakhala malipiro a mwezi ndi mwezi, ndipo mvula yamphamvu imadula chithunzi.

Yachitatu ndi nthambo yolowa m'nyumba, yonyamula kanema ndi intaneti pamodzi. Imeneyi imapezeka m'mizinda, chifukwa kukumba ngalande ya nthambo kumadya ndalama zambiri pamene nyumba zili patalipatali.

Intaneti ya kumudzi

Nthambo za faiba ndi timaulusi tagalasi totumiza uthenga ndi kuwala. Ya pansi pa nyanja yotchedwa SEACOM inafika ku Maputo mu 2009, ndipo EASSy inatsatira mu 2010. Kumidzi faiba kawirikawiri imathera pa mlongoti wa foni, kenaka uthenga umafika kwa munthu ndi mafunde. Movitel, imene inayamba mu 2012, inadziwika poyala nthambo mpaka m'maboma akutali. Tmcel ndi Vodacom nazonso zili ndi milongoti yawo. Starlink, intaneti ya setilaiti, inayamba kugwira m'dziko muno mu 2023.

Mlimi asanatulutse ndalama

Ndalama ya chimanga kapena fodya imabwera kamodzi pa chaka. Dikoda ya antena sigwira pa dishi, ndipo ya dishi sigwira pa antena. Dikoda ya TopStar yogulidwa ku Katete inakonzedwera milongoti ndi malipiro a ku Zambia. Umboni wodalirika ndi nyumba ya mnansi: ngati iye akuonera TVM ndi antena, mudziwo mafunde akufika. Kumene kulibe magetsi a EDM, pamtengo pawonjezedwe sola ndi batire.

Foni nayo imafuna tcheru. Pafupi ndi malire imatha kudzilumikiza yokha ku MTN kapena Airtel ya ku Zambia, mayunitsi n'kutha msanga. Kusankha netiweki pamanja m'foni kumatseka mpata umenewu.